Mlandu wa ku Namugongo Sunawole

Juni akamalowa, ku Chongwe kumakhala kutayamba kuzizira. Chimanga chimakhala chitachoka kumunda, ena akutonola pakhomo, ena atandanda kale matumba m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Chipata kudikira ogula. Ndi nyengo imene mutu wa munthu umakhala pa mtengo wa thumba, pa ngongole ya feteleza ndi pa fizi ya ana. Koma pa 3 mwezi womwewo, kuyambira ku mishoni yakale ya Kasisi mpaka m'matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, Akatolika amaima n'kutchula maina amene si a Chisoli, si a Chilenje, si a Chinyanja: Charles Lwanga, Kizito, Matthias Mulumba, Andrew Kaggwa, Mbaga Tuzinde ndi anzawo. Wansembe amakwera kuguwa atavala chofiira, mtundu wa magazi. Munthu woganiza bwino akhoza kufunsa, ndipo ambiri amafunsadi, kuti anthu amoyo, okhala ndi mavuto awoawo, akupatuliranji tsiku chaka ndi chaka chifukwa cha anyamata amene anaphedwa ku Buganda zaka pafupifupi 140 zapitazo. Yankho langa lili m'mwambi umene aliyense wozolowera bwalo la mfumu amaudziwa, wakuti mlandu suwola. Tsiku la amaritiri ndi tsiku limene mlandu wakale umabwezedwa pabwalo, mboni n'kuitanidwanso, chigamulo cha amene anali ndi mphamvu nthawi ijayo n'kuunikidwanso anthu onse akumva. Ndipo pabwalo lotere palibe amene amangobwera kudzaonerera.

Liwu lakuti maritiri linachokera ku Chigiriki, ndipo poyamba linkatanthauza mboni, munthu woima pabwalo kunena zimene anaona ndi kumva. Tanthauzo la imfa linadzabwera pambuyo, chifukwa m'zaka mazana atatu zoyambirira za Chikhristu, mu ufumu wa Roma, Mkhristu ankaimitsidwadi pamaso pa woweruza n'kuuzidwa kuti afukize lubani kwa milungu ndi kwa mfumu, ndipo wokana kusintha mawu ake ankalipira ndi moyo. Munthu wa kumudzi samva zachilendo pamenepa. Pa mlandu wa malire a munda, tonse timadziwa mboni imene imayamba kutafuna mawu ikazindikira kuti winayo ndi wachuma kapena ndi mbale wa nduna, ndipo timadziwanso mboni imene imabwereza zomwezo ngakhale aichezere usiku kukaiopseza. Mboni yachiwiriyi ikhoza kugonja tsiku limenelo. Ikhoza kudedwa, ana ake n'kumasalidwa pachitsime. Koma mudzi umasunga zimene inanena, ndipo pakapita zaka mlandu ukadzuka, pamapezeka wina wokumbutsa kuti paja uje ananena. Mpingo ukaika dzina la munthu pa kalendala yake, umakhala ukugwira ntchito ya wokumbutsayo.

Tiyeni tiumve kaye mlanduwo, chifukwa ambiri timadziwa maina koma nkhani yake tinaidula. Kabaka Mwanga II analowa ufumu wa Buganda mu 1884 asanakwanitse zaka 20. Kunyumba yachifumu kunali anyamata ambiri otumikira, ana a mabanja odziwika, ndipo ena mwa iwo anali atayamba kuphunzira Chikhristu, ena kwa amishoni a Anglican amene anafika mu 1877, ena kwa ansembe a chipani cha White Fathers amene anafika mu 1879, chipani chomwe chinadzafika ku Mambwe mu 1891 ndi ku Mua mu 1902. Kumapeto kwa Okutobala 1885, bishopu wa Anglican James Hannington anaphedwa ku Busoga molamulidwa ndi Mwanga. Joseph Mukasa Balikuddembe, Mkatolika amene ankayang'anira antchito a kunyumba yachifumu, anadzudzula mfumu pa imfa imeneyo, ndipo pa 15 Novembala anadulidwa mutu, thupi lake n'kutenthedwa. Woyamba mwa Akatolika 22 amene timawakumbukira pa tsikuli anafera kulankhulira mlendo wa mpingo wina. Panalinso nkhani ina imene timaichitira manyazi m'maulaliki. Mwanga ankafuna anyamata aja pa zofuna za thupi, ndipo Mukasa ankawabisa ndi kuwalimbitsa mtima kuti akane. Iye ataphedwa, ntchito imeneyi inagwera Charles Lwanga, mnyamata wa zaka za m'ma 25 amene anali atangobatizidwa kumene.

Kumapeto kwa Meyi 1886, ku Munyonyo m'mbali mwa nyanja ya Victoria, mfumu inapsa mtima itamva kuti mmodzi mwa anyamatawo, Denis Ssebuggwawo, ankaphunzitsa katekisimu mnyamata mnzake, ndipo inamulasa ndi mkondo n'kumupereka kuti akaphedwe. Usiku umenewo Lwanga, poona kumene zinthu zinkalowera, anabatiza ena mwa ophunzira, pakati pawo Kizito, wamng'ono pa onse, wa zaka pafupifupi 14. Kutacha mfumu inasonkhanitsa anyamata n'kulamula kuti opemphera apatuke aime paokha. Anapatuka. Anawamanga n'kuwayendetsa wapansi kupita ku Namugongo, ena n'kuphedwera m'njira, otsalawo n'kusungidwa pafupifupi sabata yathunthu pamene nkhuni zinkatoleredwa. Sabata ndi nthawi yaitali kwa munthu amene akumva kugwa kwa nkhuni zomuwotchera, ndipo khomo lobwerera linali lotseguka. Pa 3 Juni, Lachinayi la Kukwera Kumwamba, anawakulunga m'mabango n'kuwaunjika pamoto, Akatolika ndi a Anglican pamodzi. Lwanga anamuwotcha payekha, moto wapang'onopang'ono woyambira kumapazi. Mbaga Tuzinde anali mwana wa m'banja la Mukajanga, mkulu wa opha anthu, amene anamuchonderera kuti angovomera kubisidwa. Mnyamatayo atakana, chifundo chokha chimene Mukajanga anatha kuchita chinali kulamula kuti amenyedwe chibonga pakhosi afe asanaponyedwe pamoto.

Chigamulo cha tsiku limenelo chinali chomveka: awa ndi ana amwano, oukira mfumu, ndipo moto wawayenera. Panalibe bwalo lina lochitirako apilo. Komabe mu 1920 Papa Benedict XV anawatcha odala, ndipo pa 18 Okutobala 1964 Papa Paul VI anawaika m'gulu la oyera, kutangotsala masiku 6 kuti mbendera ya Zambia ikwezedwe. Lero ku Lusaka kuli parishi ya Charles Lwanga ku Regiment, ya Matthias Mulumba ku Bauleni, ya Kizito ku George, ndipo aphunzitsi ambiri a dziko lino anatulukira pa koleji ya Charles Lwanga ku Chikuni. Sindikunena kuti kuchuluka kwa matchalitchi otchedwa maina awo ndi umboni wakuti iwo analondola, pakuti chinthu chikhoza kutchuka chili chabodza. Ndikunena kuti chikondwererochi chimatenga mbali. Chimati mfumu inalakwa, mwana wa zaka 14 analondola, ndipo chimatero poyera chaka chilichonse kuti aliyense wofuna kutsutsa atsutse. Otsutsawo alipo, ndipo ayenera kumvedwa.

Oyamba ndi Akhristu anzathu, a Seventh Day Adventist, a Pentekoste ndi ena a mipingo ya Reformed, amene amafunsa ngati uku sikuli kupembedza akufa komwe amishoni anatiuza kuti tisiye. Chitsanzo chawo sachitenga patali. Chaka chilichonse mvula isanagwe, Asoli amasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imapempha mvula kudzera kwa makolo, n'kuyatsa moto kumunda ndi kubzala mbewu yoyamba. Ngati Mkhristu akuuzidwa kusamala ndi kutchula makolo pamenepo, amatero, kutchula Lwanga kwalungama bwanji? Funsoli ndi lakale ngati mpingo weniweniwo. Kalata imene Akhristu a ku Smyrna analemba cha m'ma 150, yofotokoza za imfa ya bishopu wawo Polycarp, imasimba kuti adani awo sanafune kuwapatsa mtembo, ati angasiye Khristu n'kuyamba kupembedza Polycarp. Iwo anayankha kuti wopembedzedwa ndi Khristu yekha, pamene amaritiri amawakonda monga ophunzira ndi otsanzira ake. Anatola mafupa amene moto unasiya, n'kupangana kuti azisonkhana chaka ndi chaka pa tsiku la imfa yake, limene analiwerenga ngati tsiku lake lobadwa. Patapita zaka zoposa 250, Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, anabwereza mfundo yomweyo: wansembe akaima paguwa, ngakhale lomangidwa pa manda a maritiri, nsembe amaipereka kwa Mulungu, ndipo dzina la maritiri limatchulidwa pakati pa anthu a Mulungu.

Kusiyana kwa kholo ndi maritiri kumaonekera pa chifukwa chimene aliyense amakumbukiridwira. Kholo timalikumbukira chifukwa linatibala, ndipo udindo wake umayenda ndi magazi. Mzimu wa Msoli sulowerera za banja la Mngoni. Anthu amakhulupirira kuti mzimu ukaiwalidwa umakwiya, umadwalitsa mwana, umafuna ufa kapena mowa kuti ugone. Kizito sanabale munthu, si wa mtundu wathu, ndipo palibe mayi amene amaopa kuti akapanda kupita ku Misa pa 3 Juni Kizito adwalitsa mwana wake. Timamukumbukira chifukwa cha mawu amene anakana kusintha. Ndisaname, alipo amene amavala mendulo ya woyera monga momwe ena amavalira chithumwa, ndipo pamenepo otsutsa akunena zoona. Mendulo yosanduka mankhwala yataya ntchito yake. Komanso sindikuona chifukwa chonyozera makolo athu. Maganizo akuti akufa satayidwa ngati zinyalala, kuti mudzi ndi wa amoyo ndi ogona omwe, anthu a kuno anali nawo uthenga usanafike, ndipo Chikhristu chinawapeza ali okonzeka kale kumva za mpingo umene imfa siudula. Pa nkhani yopempha oyera kuti atipempherere, Akatolika ndi mipingo ina adzasiyanabe, ndipo nkhani ino siingathetse kusiyanako. Koma kukumbukira mboni sikudalira pamenepo. A Anglican ali ndi awo 23 ophedwa m'chizunzo chomwecho, ndipo amawakumbukira pa 3 Juni pomwepo. Mkhristu wa Reformed amene sapempha kanthu kwa Stefano amawerengabe mmene Stefano anaponyedwera miyala, n'kutcha mwana wake dzinalo.

Chotsutsa chachiwiri n'chimene chimandivuta kwambiri, ndipo chimachokera kwa okonda mbiri ya Africa. Iwo amati tikutamanda anyamata amene anatembenukira mfumu yawo chifukwa cha chiphunzitso cha azungu, pa nthawi imene azunguwo ankagawana dziko lathu pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885. Mantha a Mwanga sanali a misala. Ajeremani anali atayamba kale kulanda maiko a kugombe la nyanja yamchere, ndipo Hannington ankabwera kudzera kum'mawa, njira imene Abaganda ankaiopa. Mu 1888 magulu a Akhristu ndi Asilamu okhala ndi mfuti anachotsa Mwanga pampando, mu 1892 Akatolika ndi Apulotesitanti anamenyana ku Mengo, Frederick Lugard akuthandiza mbali imodzi ndi mfuti yake ya Maxim, ndipo mu 1894 Uganda anagwa m'manja mwa Britain. Mwanga yemweyo anadzamenyana ndi Angerezi, n'kugwidwa mu 1899, n'kukafera ku Seychelles mu 1903. Zonsezi n'zoona, ndipo Mkhristu wozibisa akuchitira umboni wonama. Koma mlandu wa 1892 usasenzetsedwe anthu amene anapsa mu 1886. Anyamata a ku Namugongo sananyamule mkondo, sanathawire kwa mzungu, sanakane kutumikira mfumu pa ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Anakana zinthu ziwiri: kusiya kupemphera, ndi kupereka matupi awo. Funso lenileni ndi lakuti kodi ufumu uli ndi malire, ndipo mwambo wathu womwe unayankha kale. Kwa Achewa mfumu ikamalongedwa imakhazikidwa pansi n'kulangizidwa ndi akuluakulu, kuuzidwa zoyenera ndi zosayenera, ndipo nduna imene imangovomera zilizonse ndiyo imagwetsa mudzi. Mukasa atadzudzula Mwanga pa magazi a mlendo, ankagwira ntchito ya nduna. Ulemu kwa mfumu ndi chuma chathu, koma sunayambe watanthauza kuti mwana wa mwini ndi chiwiya cha mfumu.

Ndipo kalendala yomweyo ikawerengedwa yonse, zonena kuti amaritiri anali zida za atsamunda zimagwa zokha, chifukwa opha aja ndi a mitundu yonse. Isidore Bakanja wa ku Congo anakwapulidwa ndi mzungu woyang'anira ntchito chifukwa chokana kuvula skapulari ndi kusiya kuphunzitsa anzake mapemphero, n'kufa ndi zilonda zimenezo mu 1909. Janani Luwum, akibishopu wa Anglican ku Uganda, anaphedwa mu Febuluwale 1977 atadzudzula boma la Idi Amin pa kusowa ndi kuphedwa kwa anthu. Pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati ku Mozambique, ansembe awiri a Chijezuwiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia wolankhula chilankhulo chathu chomwechi, ndi Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi n'kuphedwa, ndipo dayosizi ya Tete inatsegula kafukufuku wofuna kuti atchedwe odala. Chongwe nayo ili ndi gawo lake. Mishoni ya Kasisi, imene Bambo Jules Torrend anayambitsa mu 1905, inalandira mu 1946 wansembe wa ku Poland, Adam Kozłowiecki, amene anali atangotuluka m'ndende za chipani cha Nazi: anamangidwa mu 1939, anadutsa ku Auschwitz, n'kukhala ku Dachau mpaka 1945, kumene ansembe a kwawo mazana ambiri anafera. Omuzunzawo anali azungu anzake. Iye sanaphedwe, ndipo anadzakhala akibishopu woyamba wa Lusaka mu 1959, n'kutula udindowo mu 1969 kuti ukhale m'manja mwa mwana wa dziko lino, n'kubwerera kukatumikira kumidzi mpaka imfa yake mu 2007. Kabaka, mtsamunda, msilikali wolanda boma, chipani: onsewa ankafuna munthu yense wathunthu, thupi ndi chikumbumtima chomwe, ndipo mboni inawauza kuti pali gawo limene si lawo.

Ena amadandaula kuti chikondwerero chotere chimaphunzitsa ana kukonda imfa, ndipo m'masiku ano, pamene tamva za anthu odziphulitsa ndi mabomba m'misika n'kumatchedwa ofera Mulungu, dandauloli silonyozeka. Mpingo wakale unaliona msanga vutoli. Kalata ya ku Smyrna ija imasimbanso za munthu wina, Quintus, amene anakadzipereka yekha kwa oweruza, koma ataona zilombo anachita mantha n'kukana chikhulupiriro, ndipo olembawo ananena mosabisa kuti sayamikira odzipereka okha. Augustine, polimbana ndi gulu la Donatus limene ena mwa iwo ankafunafuna imfa, anaphunzitsa kuti chopanga maritiri ndi chifukwa chimene wafera, osati kukula kwa ululu wake. Maritiri saifuna imfa, ndipo sapha. Amangokana kugula moyo ndi bodza. Muyeso umenewu umatithandiza, komanso umatichititsa manyazi, chifukwa umaonetsa kuti kalendala zathu n'zosakwanira. A Mboni za Yehova ku Malawi, amene mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale kum'mawa kwa Zambia. Munthu akhoza kutsutsana ndi chiphunzitso chawo chonse, koma sangakane kuti anaima pamalo omwe Lwanga anaima. Nkhani ya a Lumpa a Alice Lenshina mu 1964, pamene anthu oposa 700 anafa ku Chinsali ndi ku Lundazi, ndi yovuta kuposa pamenepo, pakuti mbali zonse zinakhetsa magazi, komabe pakati pa ophedwawo panali amayi ndi ana amene sanagwire chida. Mpingo wa Katolika umavomereza wokha kuti sudziwa maina onse, n'chifukwa chake uli ndi tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala.

Chatsala ndi chotsutsa cha munthu wamba, chimene sichinenedwa mokweza koma chili m'mitima yambiri: kuno kulibe chizunzo. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko. Palibe amene adzakuwotche chifukwa chopita kutchalitchi. Nduna za boma zimatsegula misonkhano ndi pemphero. Nanga mboni ifunikiranji? Yankho lili m'nkhani ya Benedict Daswa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya Nweli ku Venda, kumpoto kwa South Africa, bambo wa ana 8. Kumapeto kwa 1989 ndi kumayambiriro kwa 1990 mphenzi zinawotcha nyumba m'mudzi wa Mbahe, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe marandi 5 kuti aitane sing'anga adzaloze amene akutumiza mphenziyo. Daswa anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo anakana kusonkha, podziwa kuti wolozedwayo aphedwa. Madzulo a pa 2 Febuluwale 1990 anapeza msewu watsekedwa ndi mitengo. Atatsika m'galimoto anayamba kugendedwa, anathawira m'nyumba ina, anamutulutsa, anamuphwanya mutu ndi chibonga n'kumuthira madzi otentha. Pamenepa panalibe mfumu yodana ndi Chikhristu kapena boma loletsa mapemphero. Panali anansi, anthu odziwana naye, ndi ndalama yochepa yomwe akanatha kuponya m'mbale n'kukhala chete. Anatchedwa wodala pa 13 Seputembala 2015, ndipo amakumbukiridwa pa 1 Febuluwale.

Nkhani ya Daswa ikhoza kuchitika m'mudzi uliwonse wa kuno popanda kusintha chilichonse koma dzina la ndalama. Lamulo la Zambia loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lakhalapo kuyambira 1914, komabe maliro akagwa mwadzidzidzi maso amatembenukira kwa agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi, ndipo msonkho woitanira woombeza umatoleredwa kwa anthu omwe Lamulungu amaimba kwaya. Lusaka akukula kuloza kum'mawa, madera ngati Silverest adzaza nyumba, malo asanduka ndalama, ndipo pamene malo asanduka ndalama pamafunika anthu osaina kuti munda wa mayi wamasiye unalibe mwini. Mtsikana wa kusekondale amene wamkulu wina, womulipirira fizi kapena womulembera mayeso, akumuitanira kuchipinda, ali pamalo a Kizito enieni, ndipo funso ndi lakuti kodi pafupi naye pali Lwanga, wamkulu pang'ono amene angamubise ndi kulankhula ngakhale ntchito imuthere. Pa zonsezi palibe amene akufunsidwa kuti akane dzina la Yesu ndi pakamwa. Akufunsidwa kusonkha, kusaina, kuyang'ana kumbali. Nthawi zambiri mtengo wa kukana si imfa. Ndi kusalidwa, kutchedwa wodzikuza, kumanidwa thandizo pa maliro. Dziko lodzitcha la Chikhristu limavutitsa mboni mwa njira yakeyake, chifukwa wolakwayo naye amakhala ndi mpando wake m'tchalitchi, mwina wa kutsogolo.

Apa ndi pamene ndimaona kuti otsutsa akanatha kutigwira pakhosi akanafuna, chifukwa chofooka chenicheni cha tsikuli chili mwa ife olisunga. Kwaya imakonzekera masabata angapo, amayi amasoketsa chitenje chofanana, mpunga ndi nkhuku zimaphikidwa, ndipo zonsezi n'zabwino, pakuti Akhristu a ku Smyrna nawo anapangana kusonkhana mokondwera. Koma nkhani yeniyeni imafupikitsidwa kukhala chiganizo chimodzi chakuti anafera chikhulupiriro, chifukwa chimene anafera n'kusiyidwa, mwina poopa kutchula zamanyazi ana ali pomwepo, mwina poopa kuti wina wokhala kutsogolo angadzimve. Bwalo limene mboni yaitanidwa koma osaloledwa kulankhula silinaweruze kanthu. Choncho pempho langa likupita kwa ansembe, akatekisti ndi atsogoleri a miphakati a ku Kasisi, ku Chalimbana, ku Chongwe boma ndi m'nthambi zonse za kumidzi. Pa 3 Juni ikubwerayi simbani nkhani yonse m'chilankhulo chimene agogo ndi ana akumva, kuyambira pa Mukasa wodzudzula mfumu chifukwa cha mlendo, mpaka pa zimene mfumu inkafuna kwa anyamata aja ndi pa Mukajanga wochonderera mwana wake. Itanani a Anglican adzakhale nanu, pakuti moto unali umodzi. Ndipo pa 1 Febuluwale, mvula ndi mphenzi zili pachimake, muwerengere anthu nkhani ya Benedict Daswa msonkho wa sing'anga usanayambe kuyenda m'mudzi.